Zilembo Zinayi

Basi yochokera ku Joni inagubuduzika Lachiwiri usiku.
Lachinayi ndinakwera kabaza kuchoka kwa Mpondasi
kukagula nyuzipepala pafupi ndi nsanja ya wotchi,
ziwiri, ndi ndalama ya mafuta okazingira mandasi.

Yoyamba inati Khamis Uthman, zaka 29.
Yachiwiri inati Hamisi Osman, zaka zomwezo.
Pa foni ya Che Jafali wogulitsa mayunitsi
panali Khamees Othman, wa ku Mangochi.
Madzulo mtsikana wa pa wailesi anafika pa dzinalo,
anameza malovu,
nati Amos.

Mayi kuwerenga sadziwa, koma kuwerengera amatha.
"Anthu anayi amenewo," anatero akupinda zala.
"Mulungu awatonthoze amayi awo.
Wanga ndi Amisi wa Che Usumani,
ndipo palibe wamutchula."
Anakasesa m'chipinda chake,
nayanika bulangeti lake pa chingwe.

Ine ndinakumbuka ku madrasa, pansi pa mtengo wa mango,
Mwalimu Twaibu atagwira dzanja la mchimwene wanga
kuliyendetsa kuchokera kumanja kupita kumanzere.
Zilembo zinayi zokha, zogwirana ngati ana powoloka msewu.
Choyamba chimatulukira pakhosi
ngati ukuchotsa khoko la mtedza lokakamira,
ndipo tinkaseka mpaka kulawa ndodo.
Chilembo chimenecho Chingelezi chilibe mpando wake.
Wina amachikhazika pa K, wina pa H,
wina amachisiya panja ngati nsapato pa khomo la mzikiti.

Ndinaimbira mtolankhani, mayunitsi a mazana asanu.
Anali waulemu, kumbuyo kwake kukulira makina.
"Pepani chemwali, ndi dzina lomwelo,
aliyense amalemba mmene wamvera.
Ife tinatenga kwa apolisi,
apolisi anatenga kwa kondakitala."
Kondakitala anatenga kwa yani
pakati pa usiku, injini ikulira,
munthu atanyamula chikwama cha mabulangeti ndi wailesi ya mayi?

Loweruka thupi linabwera.
Chala chaching'ono chokhota chija,
chimene chinathyoka pa mpira ku Namwera,
sichinasowe womasulira.
Mayi anachotsa bulangeti pa chingwe.

Patatha sabata zitatu, ku ofesi ya inshulansi,
bambo wa tayi yofiira anayala mapepala pa tebulo:
pasipoti, chiphaso cha unzika, kalata ya imfa,
ndi zidutswa za nyuzi zimene ndinadula ndi lumo.
Anayendetsa cholembera pansi pa dzina lililonse.
"Pepani chemwali, si dzina lomwelo.
Tilipire uti?"

Lipirani amene anabadwa Lachinayi, tsiku la Alhamisi,
mvula ikugwa pa malata a chipatala cha boma.
Amene ankadya mbatata ndi makoko omwe.
Amene ananditumizira nsapato zosiyana kukula
nalumbira pa foni kuti phazi langa ndi lolakwa.
Izi sindinanene.
Ndinapinda mapepala, ndinati ndibweranso
ndi kalata ina yotsimikiza kuti mmodzi ndi mmodzi.

Mwezi wotsatira nyuzipepala inapepesa.
Tsamba lachisanu ndi chimodzi, pakona,
pansi pa malonda a feteleza,
mizere itatu yaing'ono ngati nyerere:
dzina lolondola ndi Hamiss Usman.

Che Jafali anaseka mpaka kutsokomola,
kenako anaona nkhope yanga, naleka.

Tsiku la sadaka ya masiku makumi anayi
Mwalimu Twaibu anabwera, maso atachita ng'ala.
Sanafunse pepala lililonse.
Mpunga usanaphulidwe anawerama pabwalo,
nalemba pa dothi ndi chala,
kuchokera kumanja.
Mayi anayang'ana zilembo zimene sanaphunzire,
nati, "Eya, ameneyo."

Nkhuku zinadutsapo dzuwa lisanapendeke.