Nyumba Yachisanu

Anandipatsa tabuleti, jekete la mvula ndi lamulo limodzi:
yambira pa mpopi wa ku Chiputula,
dumpha nyumba zinayi, ugogode yachisanu.
Usasankhe ndi maso.
Maso amakonda khonde losesedwa,
amathawa galu, amathawa matope.

Ndinagogoda yachisanu.
Galu analipo. Matope analiponso.

A Nyaluhanga anatuluka akupukuta manja pachitenje.
Ndi za makuponi?
Ayi mayi, ndi kafukufuku chabe.
Mwachokera kuboma?
Ayi.
Anayang'ana nsapato zanga, kenako tabuleti,
n'kumayankha ngati ali pakauntala ya polisi:
madzi amatuluka, inde, tsiku lililonse, tikuthokoza.
Kumbuyo kwawo zigubu zisanu ndi ziwiri
zinali pamzere, kukamwa kuli gwa.
Ndinalemba zomwe ananena.
Mu tabuleti mulibe bokosi la zigubu.

Ku Mchengautuwa m'mawa umapeza okalamba ndi oyamwitsa.
Mzinda wonse uli kumsika, uli pa Katoto,
ukupalasa njinga mu nkhungu.
Ukalemba okhawo owapeza
walemba mzinda wa anthu osachoka pakhomo.
Choncho nyumba ina ndinabwererako katatu
mpaka ndinamupeza Tiyezge wa kabaza, usiku, akumata chubu.
Ndinafunsa m'Chichewa. Anati, nkhumanya yayi,
kenako anayankhula mphindi makumi awiri osapuma
za paipi yophulika, za bilu, za mwana wake wotsegula m'mimba.
Ndinadina nambala naini: Sakudziwa.
Chala chimenecho chimandiyabwabe.

Funso nalonso lili ndi manja.
Lina limaima patali n'kudikira.
Lina limakugwira pamkono mwaulemu,
kodi simukuvomereza kuti zinthu zasinthako,
ndipo umapezeka wafika komwe sunkapita.

Malume anga a Kayira ankagula khofi.
Anali ndi kachitsulo kosongoka kobayira thumba,
pamwamba, pakati, pansi,
nthanga zodzaza chikhatho basi.
Thumba sulikhuthula lonse kuti ulidziwe, ankatero,
koma ukatapa pamwamba pokha
wagula miyala pamtengo wa khofi.

Patapita miyezi itatu, mu minibasi ya ku Luwinga,
wailesi inati anthu makumi asanu ndi awiri mwa zana alionse
akukhutira ndi madzi.
Kondakitala anamenya denga.
Bodza! Ine anandifunsa ndani?

Ndinafuna kumuuza kuti iwe ayi,
koma Tiyezge anafunsidwa,
ndipo ngati tinabaya thumba bwino, iwe uli m'chikhathomo.
Ndinafuna kumuuza kuti nambalayo inabadwa ndi mchira,
atatu kuonjeza kapena atatu kuchotsa,
koma wailesi yaudula kuti ikwane pa mutu wa nkhani,
ndipo ndi mchirawo, oposa theka
angathe kukhala osakwana theka.
Kuti m'malo momenya denga afunse:
anafunsa angati, anawapeza bwanji,
pafoni kapena pakhomo,
nanga amene foni yawo ili pa chaji kugolosale?
Anafunsa liti, mu Epulo mvula ili mbwee,
kapena mu Okutobala mipopi ikutsokomola mpweya?
Funsolo linkati chiyani, liwu ndi liwu?
Mafuta a galimoto yathu analipira ndani?

Koma tinali titafika pa siteji yanga
ndipo iye ankandifunira chenji m'thumba lobooka.

Ndinatsika. Mvula yamawawa inali itayambanso.
Nambalayo si bodza, ndinaionera ndekha ikumangidwa
khomo ndi khomo, ndi mapazi otupa.
Koma m'kati mwake penapake muli a Nyaluhanga,
aima chilili pakati pa okhutira,
akupukutabe manja,
zigubu zili kumbuyo.