Fungo la Nsomba

Chipale chofewa chitangosungunuka m'mapiri a Kentucky,
Arlene Caudill anatsikira kukhwawa ndi zidebe ziwiri,
jombo zake zikumira m'matope ozizira.
Kunsi kwa mwala wophwatalala anapezako mazira,
ndipo Epulo asanathe anaswa:
tiana ta salamanda, tonga abuluzi a m'madzi,
zopumira zili yangayanga m'khosi ngati nthenga.

Anatigawa, makumi awiri uku, makumi awiri uko.
Chakudya chofanana, dzuwa la pawindo lomwelo.
Koma m'mawa uliwonse ankatunga kapu imodzi
m'thanki ya nsomba yobiriwira ya kukamwa kwakukulu
n'kuthira m'chidebe cha kumanzere.
Madzi okha basi.
Nsombayo sinatulukemo m'thanki ngakhale kamodzi.

Ta kumanja tinkayandama poyera,
kumeza tizilombo ta m'madzi mpaka mimba kuti tuu.
Ta kumanzere tikangomva fungolo, balala,
tonse pansi pa tsamba lovunda, zii.
Tinkadya usiku, pang'ono, ngati tikuba.

Sabata yachisanu anatenga rula.
Mamilimita makumi atatu ndi anayi kumanja.
Kumanzere anayeza kawiri,
napukuta magalasi, nayezanso.

Madzulo ake kunabwera Hobart, mlongo wake,
ali mbuu ndi fumbi la kumgodi wa malasha.
Anasuzumira m'zidebe, chipewa chili m'manja.
"Itiyi tadwala?"
"Ayi. Tikuopa."
"Taluma n'chiyani?"
"Palibe chatiluma."

Hobart anakhala chete.
Ndi munthu wamfupi, mwendo wa buluku amachita kupinda.
Kenaka anati, "Ukukumbukira galimoto ya bambo
ikamakwera chitunda, giya ikulira?
Ndinkasiya mbale patebulo, mkate ndisanaugawe n'komwe."
"Sanatimenyepo," anatero Arlene.
"Eya. Sanatimenyepo."

Khwawa lija limaphwa mu Juni.
Kamene sikanakhwime miyendo, zopumira zisanafote,
kamatsala m'matope, akhwangwala n'kutola.
Arlene anawerenga masiku pa kalendala ya kukhitchini
ndipo m'mawa mwake kapu ija anaisiya pa shelefu.

Pobweza anapita awiri.
Ta kumanja tinangoti psiti, kulowa m'miyala.
Chidebe cha kumanzere Hobart anachipendeketsa pang'onopang'ono,
madzi a khwawa akulowa, akutuluka,
iye atagwada, mawondo atanyowa,
kudikira kamodzi kotsiriza
kamene kanali kakadali pansi pa tsamba.