Waya wa Kuchipinda Chapamwamba

Bambo atembenuza envelopu ya bilu ya magetsi,
aiyala pathebulo,
andipatsa pensulo yosongoledwa ndi mpeni wotumbulira nsomba.
Jambula nyumba, Ingvild, akutero,
ngati kuti sindinabadwiremo.

Kuno ku Vardø dishi siyang'ana kumwamba.
Imazolika chakummwera, kutsala pang'ono kununkhiza nyanja,
kusakasaka setilaiti yomwe ili m'munsi mwenimweni mwa thambo
ngati boti lochedwa kubwerera padoko.
Khoma loyenera ndi limodzi basi,
lomwe mphepo yalisupula penti.

Ndiyeza ndi tepi, iwo agwira kunsonga.
Kuchokera pakhoma, kukwawa kunsi kwa denga: mamita khumi ndi limodzi.
Kutsika kuseri kwa kabati ya mbale: anayi.
Kenako pabalaza, pomwe bedi lawo lili tsopano
chikanireni bondo lawo masitepe.

Ndiwauza zomwe ndikudziwa.
Waya ameneyu ali ndi kamtima kamodzi ka mkuwa,
safuna kupindidwa ngati chigongono;
ukam'khotetsa mwankhanza, nkhope za pa tivi zimasweka timabokosi.
Asayende mogundana ndi wa magetsi, angatengerane phokoso.
Panja, asanalowe m'bowo,
um'siyire kamimba kolendewera
kuti madzi adonthere pomwepo, asam'tsatire m'nyumba.
Bambo agwedeza mutu.
Zaka makumi anayi akumanga maukonde ndi zala zouma ndi chisanu,
za zingwe sindingawaphunzitse.

Njira yachidule idutsa pafelemu ya chitseko cha kukhitchini.
Ndikulemba kamtanda poboola,
iwo aphimbapo ndi chikhatho.
Pansi pa chikhathocho pali mizere ya bolopeni,
msinkhu wanga, msinkhu wa Sindre, chaka ndi chaka,
manambala opendekeka a malemu Amayi.
Ndifufuta kamtanda.
Kuzungulira kutidyera mamita atatu ena.

Nanga kuchipinda chapamwamba? afunsa.
Kulibe munthu, Bambo.
Ndafunsa mamita.

Ndiwafotokozera za chogawira,
kachitsulo kolowetsa waya mmodzi n'kutulutsa awiri:
mphamvu imagawikana, palibe amalandira yathunthu.
Tsiku la chipale chofewa chochuluka
tivi yanu idzayamba kuchita chibwibwi
chifukwa cha chipinda chopanda ngakhale mpando.
Sindre anapita ku Stavanger kukagwira ntchito zamafuta,
chaka chino n'chachisanu,
foni yake imangoitana.
Izi sindinena. Ndingonena za chogawira.

Iwo ayang'ana pawindo.
Nthawi yangokwana thuu koloko masana, kunja kwada kale bii,
magetsi a padoko akunjenjemera m'madzi.
Amakonda mpira wa usiku, akutero,
amakweza mawu mpaka mayi ako kugogoda siling'i ndi tsache.

Ndikwera ndekha, tepi m'manja.
Chipinda chikununkha bulangeti losagonedwa.
Kuchokera pachogawira kufika pakona ya windo:
asanu ndi anayi, ndi theka.
Ndilemba khumi ndi awiri.
Waya wotsala umam'kulunga n'kum'bisa,
waya woperewera alibe mankhwala.

Nditsika, ndiwonkhetsa m'mphepete mwa envelopu.
Makumi atatu.
Timisomali topanira waya, mapaketi awiri.
Timitu tomangira kunsonga, tisanu ndi katatu, poti kena ndidzakaononga.
Phula lotsekera bowo la panja.
Chogawira, chimodzi.

Bambo awerenga chapatali, magalasi aiwala kubafa.
Aloza mzere wokwera kumwamba uja ndi chikhadabo,
autsatira pang'onopang'ono mpaka pomwe wathera.
Kumeneku udzalumikiza chiyani? ndifunsa.
Udzangomata tepi kunsonga, fumbi lisalowe.

Khofi wazizira m'makapu.
Sitolo ya Halvard itseka folo koloko,
ndipo makwerero ake aatali tiyenera kubwereka lero
mphepo isanatembenuke.