Kusinthana Mipando ku Łódź

Malo anga ali pansi pa nthaka,
masitepe khumi ndi anayi kuchokera mumsewu:
makompyuta asanu ndi atatu, chotenthetsera chotsokomola,
ndi ketulo yosadziwa tchuthi.
Kunja chipale chikugwa monyang'ama.
Mkatimu, Bogumił ndi Jagoda ayambanso.

Bogumił amayendetsa tramu.
Akuti, "Tsiku lonse njanji ndiyo imandiuza kolowera.
Ndikangovala mahedifoniwa
ndine mwana wa wosula zitsulo wa kumapiri obiriwira,
mphambano iliyonse ndi yanga.
Miyezi isanu ndi iwiri ndamulera munthuyu.
Ndinayamba naye ali ndi kandodo, akupha makoswe m'nyumba ya mowa,
lero akalowa, akalonga amaimirira.
Nanga iwe m'gemu yakoyo umakula?
Umayamba ukuthawa, umamaliza ukuthawa."

Jagoda sachotsa maso pa sikirini.
Tochi yake ikuphethira,
khonde la sukulu yosiyidwa likupuma ngati chamoyo,
china chake chikukwekweza phazi kuseri kwa chitseko.
"Lupanga lako n'labodza," akutero.
"Ukagwa umamwa kabotolo kofiira, dzambatu!
Ine ndimagwira ntchito ku wodi yachitatu,
kumene kabotolo kotero kulibe.
Kumeneko mantha saloledwa pankhope:
umamwetulira, n'kusintha diripi, n'kukoka katani.
Kuno ndimaloledwa kukuwa.
Ndipo chikandigwira, chagwira ine ndekha,
palibe wachibale woti ndimuimbire foni mbandakucha."

Pakona, Ignacy wa zaka khumi ndi zisanu
akuti magemu onsewo ndi a nkhalamba.
Palibe womuyankha.

Makutu anga atatopa, ndinati:
sinthanani mipando, ola limodzi laulere.

Bogumił anapirira mphindi khumi ndi imodzi.
Zala zake zinasakasaka batani lomenyera. Kulibe.
Analowa m'kabati ya mabuku, n'kudzitsekera,
n'kugwira mpweya weniweni, nkhope psuu,
pamene chinthucho chinkanunkhiza pachitseko.
Belu la sukulu litalira lokha
anadumpha, tiyi yense khuthu
pa kiyibodi yanga yabwino koposa.
"Awa si masewera, uku n'kudzizunza!"
Anapukuta manja pa thalauza, chete kanthawi,
kenako ndi mawu aang'ono:
"Kamtsikana kanasiya nsapato m'kalasi kaja,
kodi kanapulumuka?"

Jagoda anapatsidwa zonse:
chovala chachitsulo, hatchi yoyera, lupanga lokhala ndi dzina.
Mthenga anagwada, akulira kuti chinjoka chikutentha likulu.
Iye anamulambalala ngati chitsa.
Anatsetsereka kukamtsinje, pafupi ndi chigayo cha madzi,
golide yemwe mnzake ankasungira chishango
n'kugulira mbedza ndi chipewa cha udzu.
Anakhala pamwala.
Dzuwa la m'galasi linalowa, achule anayamba,
ndipo nditabwera ndi chokolopera
ndinamupeza atagona, tsaya pa dzanja,
uko kutali likulu likuyaka
kakang'ono ngati mutu wa machesi.

Faifi koloko tramu yoyamba inadutsa pamwamba pathu,
makapu n'kunjenjemera pa shelefu.
Bogumił anavula jekete yake ya kuntchito
n'kumufunditsa pamapewa.
"Musamudzutse," anandinong'oneza.
"Koma golide wangayo abweza, iyeyu."
Atafika sitepe yachitatu anatembenuka:
"Mawa mundisungire mpando wake uja.
Si kuti ndaikonda ayi.
Nsapatoyo basi."

Ndani analondola? Musandifunse ine.
Ine ndimasewera makadi a pepala Lamlungu
ndi mlamu wanga yemwe amabera.
Ndinatsegula buku la ngongole, n'kulemba:
Bogumił, kiyibodi imodzi.
Jagoda, maola atatu ogona, sindilipiritsa.
Pa sikirini, chingwe cha mbedza chinagwedezeka kawiri,
nsomba n'kudya nyambo, n'kupita.