Msonkhano wa Lachiwiri

Ku Hull kumacha mwaulesi mu Disembala.
Mvula ikulasa galasi cham'mbali.
Ndili m'kachipinda pamwamba pa shopu ya nsomba ndi tchipisi,
masokosi awiriawiri kuphazi,
pa laputopu patseguka timawindo tinayi.

Anandikweza mu Okutobala. Kalata inati: mtsogoleri wa timu.
Sinanene kuti anthu akowo sudzawagwira chanza,
kuti udzawadziwira pa kadontho kobiriwira
koyaka pambali pa dzina.

"Pali vuto?" ndinkafunsa, diso lili pa wotchi.
"Palibe," Gethin ku Swansea.
"Palibe," Devika ku Pune, mahutala akulira kumbuyo kwake.
Nyembezi ku Zomba ankangotumiza kachala kachikasu,
kamera yozima, ati bandulo.
Ine n'kulembera mabwana: zonse zili bwino.

Pulogalamu ya malipiro inagwa Loweruka usiku.
Ndinafukula mpaka mbandakucha.
Mzere 412.
Dzina la woulemba: langa.
Pambali pake, kafunso ka Nyembezi
ka masabata atatu apitawo: mwina tionenso apa?
Pansi pake yankho langa, mawu awiri:
Tilibe nthawi.
Kuchoka tsiku limenelo sanafunsenso kanthu,
ndipo ine ndinkati timu yakhwima.

Lero ndanena ndisanapereke n'komwe moni:
"Ndinathyola ndine.
Nyembezi anaona, ine ndinamutseka pakamwa."
Kenako ndatseka maikolofoni yanga,
manja ndawakhalira.

Zii.
Basi yadutsa pansipa. Ina yadutsa.
Lilime likundiyabwa kuti ndidzaze mpatawo
monga ndimachitira.

Windo la ku Zomba layaka.
Kansi amavala magalasi.
"Magetsi azima, batire yatsala pang'ono,
ndiye ndifulumire: pali penanso, mzere 530."
Devika wati msonkhano uno umamupeza
pageti la sukulu, akudikira mwana,
foni kukhutu, chikwama m'khwapa,
chiyambire Okutobala.
Gethin watsokomola kawiri,
wati ntchito ndinamupatsa ija sanaimvetse,
wakhala akumanga khoma
osadziwa kuti chitseko chikhala mbali iti.

Tiyi wazizira. Pepala ladzaza, ndatembenuza.
Nyembezi wathima pakati pa chiganizo,
ndipo palibe amene watuluka;
tikudikira, mwina abweranso.

Kwa mabwana ndalemba: zambiri sizili bwino,
mndandanda ndi uwu, msonkhano tausuntha.
Chala chikuzengereza pa batani.
Pansipa ayamba kutenthetsa mafuta,
fungo likukwera masitepe.