Makina Otcha Mayina

Magetsi abwera leveni koloko usiku.
Kuno ku Eriya 25 amayamba kudziwa ndi agalu,
kenako furiji ya a Nagama kuseri kwa khoma
n'kuyamba kung'ung'udza.
Laputopu pabondo.
Bandulo yausiku ndagulira ndalama ya kabaza,
ndiye kuti mawa n'kuyenda wapansi mpaka pa Nsungwi.

Makina amene ndikuwafuna sali kuno.
Akuti ali m'nyumba yozizira kutsidya kwa nyanja,
mazanamazana, osanjikizana
ngati mabelo a fodya ku Kanengo,
ndipo fumbi la Okutobala sanalilawepo.
Ndagogoda ndi pasiwedi. Andikana.
Chala chaphonya chilembo chimodzi.
Ndagogodanso. Lowani.

Kamba wawo ndakonza miyezi itatu:
mayina zikwi makumi anayi,
a m'kaundula wa sukulu ya ku Kawale,
a pamitanda ya kumanda a Eriya 18,
a m'mapulogalamu a maliro
amene amayi amapanikiza m'Baibulo,
a pamakadi a kusikelo odontha phala.
Ndatumiza.
Akuti dikirani, muli pa nambala 63.
Kani kumenekonso kuli mzere
ngati wa petulo?

Cha m'ma thu koloko ayamba kuyankhula.
Poyamba chibwibwi chokhachokha:
Mmbwz. Tktka. Ndzzale.
Ndawasiya aphunzire.
Nambala ya zolakwa ikutsika pang'onopang'ono
ngati madzi a m'chitsime mvula ikachedwa.
Kenako lilime lamasuka:
Chisomphe. Tadalitsiwe. Mwayinso.
Lonjezanji.
Lonjezanji! Ndaseka ndekhandekha
mpaka a Nagama amenya khoma.

Ndikutsika nawo, mzere ndi mzere,
udzudzu ukundidya m'akakolo,
ndipo pa mzere wa 812 ndaima.

Tinkadikira.

Dzina ili sindinawapatse.
Ndasakasaka m'failo yonse, kawiri. Mulibe.

Chaka chatha mchemwali wanga Enelesi
anabwerera kuchokera ku Bwaila
ndi zitenje zitatu zopinda bwinobwino,
beseni latsopano, mtengo wake ukadali pomwepo.
Mwana anapita mchombo usanagwe,
asanatchedwe.
Amayi anakamuika okha m'mawamawa,
ife amuna tinauzidwa kuti salira.
Pakhomo pano timati nthawi ija,
timati zija zinachitika zija.

Makinawa sakudziwa kanthu, ndikudziwa.
Ndinawalemba ndine.
Amangowerengera kuti pakadutsa ti
kawirikawiri pamabwera nka,
sanakhalepo pabenchi ya chipatala
kumvetsera nsapato za anamwino.
Komabe ndani anawauza?
Kapena mayina zikwi makumi anayi aja,
ukawafinya pamodzi ngati nzimbe,
amatuluka madzi omwewa?

Folo koloko, magetsi thi!
Furiji yakhala chete. Netiweki yathawa.
Koma kutsidyako ntchito siinaime,
akutchabe, akutchabe,
ana opanda mimba, opanda mfunda,
opanda wowaitana madzulo kuti adzasambe.

Batire yatsala naini peresenti.
Ndi kuwala komweko ndakopera dzina limodzi
kuseri kwa risiti ya mayunitsi.

Panja zigubu zayamba kugundana.
Enelesi akumanga mpango,
akuthamangira mzere wa pakiyosiki.
Akuti, sunagone?
Wapeza chiyani m'makina akowo?

Ndapinda kapepala kanayi.
Ndati, mayina chabe.
Ndamulanda chigubu chimodzi,
tatuluka.