Karoti wa Miyendo Iwiri

Sukulu inatsekera kumayambiriro kwa Juni,
koma mimba za ana sizinalandire kalata.
N'chifukwa chake ine Ofelia Archuleta
ndimatsegulabe khitchini m'bandakucha,
mapiri a Sangre de Cristo asanavule mdima.

Kale kunkabwera lole ya firiji yochokera kutali,
mapichesi am'chitini omira m'madzi a shuga,
onse ofanana ngati ovala yunifolomu.
Ana ankadya osafunsa.
Nanenso sindinkafunsa.

Chaka chino pakhomo pamaima galimoto ya Eusebio Vigil,
yokalamba, yotsokomola, matope m'matayala.
Munda wake uli kutsidya kwa mlatho basi,
kumene ngalande imapatuka mu Rio Grande
n'kumayendera mizere umodziumodzi ngati wazamakalata.
Amatsitsa mabokosi osachulutsa mawu:
nkhaka zikadali ndi mame,
maungu anthete, tsabola wobiriwira,
ndi makaroti amene golosale ya ku Española inakana
poti ena ngokhota,
ena anabadwa ndi miyendo iwiri.

Ndisaname, ntchito yachuluka.
Chitini sichibwera ndi dothi, sichibisa mbozi.
Kutsuka, kusenda, kudula,
ana makumi asanu ndi limodzi akudikira,
msana wanga ukuwerenga yekha maola.
Ndipo fomu ya ku ofesi ilibe mzere wolembapo
kuti Lachiwiri kunagwa matalala
nang'amba letesi yense wa Eusebio.
Sabata imeneyo tinadya nyemba,
mawa lake nyembanso,
iye n'kubwera chipewa chili m'manja, kudzapepesa
ngati kuti mitambo ndi ziweto zake.

Tsiku loyamba la makaroti Tobias anakankha mbale:
"Ameneyu ngwodwala."
Nayeli, wa zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo atagweluka,
anamunyamula karotiyo, namuyendetsa patebulo,
mwendo uku, mwendo uku,
mpaka pamphuno pa Tobias.
"Anamuzula ndi amayi anga," anatero.
"Amapita kumundako ine ndisanadzuke."
Holo yonse zii.
Fani yokha padenga ikuzungulira.
Kenako khwa!
Tobias waluma mwendo wakumanzere.

Pakhoma pali pepala lomwe ndinamata ndekha:
chakudya chidyedwere pompano.
Koma ndinamuona Isaías
akukankhira pichesi m'thumba la kabudula,
madzi ake akutsetsereka mpaka pabondo.
Kwawo kuli kamlongo kosatha kuyenda padzuwa lotereli.
Ndinatembenuka,
n'kuyamba kupukuta sinki youma kale.

Lachisanu lililonse Eusebio amasaina lisiti
atatsamira pa boneti, lilime lili pakona ya mlomo.
Ndalamayo siipita kutali.
Mawa lake ndimaiona kwa makaniko,
mkuja m'sitolo ya nsapato,
Lamulungu yavalidwa ndi Nayeli kutchalitchi.

Tsopano Ogasiti wafika, mabasi achikasu akutsukidwa.
Amati lole ija idzabweranso,
mwina theka la sabata, mwina yonse,
makomiti akadakambirana.
Dzulo ndapeza timilu ta dothi m'mbali mwa mpanda,
khumi ndi timodzi, kalikonse ndi kamtengo ka ayisikilimu
kolembedwa dzina mokhotakhota.
Ana akwirira njere za mapichesi
m'nthaka youma gwa, yopondedwa ndi mpira.

Eusebio wati pamenepo sipamera kanthu,
ndipo iye amadziwa nthaka kuposa ine.
Komabe madzulo ano, nditatsuka mapoto,
madzi otsukuluzira sindinataye mu sinki.
Ndatuluka nawo mu ndowa,
ndikuyamba ndi mulu wa Isaías.